Thukuta la Tehmina

"Tseka mpopiwo, iwe! Ukufuna ukalowe m'banja ndi chibayo?"

Shagufta anakuwa ali pakhomo la khitchini, atadzikulunga chofunda chaubweya mpaka m'makutu. Inali nyengo yachisanu, sabata yachitatu chifunga chitakuta mzinda wa Jhang, dzuwa osaoneka. Koma mwana wake Tehmina anali atawerama pampopi wa pabwalo, atapinda manja a malaya, akudzithira madzi ozizira m'khosi.

"Ndikumva kutentha, Amayi."

"Kutentha? Mu Januwale muno? Agalu akufa ndi chisanu m'misewumu, iwe ukuti kutentha!"

Nighat, mlongo wa mwamuna wa Shagufta, anali atakhala pakhonde ndi diresi lofiira laukwati pamiyendo, mapini ali kukamwa. Anawalavulira m'dzanja n'kuseka.

"Musiyeni mwana, alamu. Ndi moto waukwati umenewo. Kodi inu simunatenthe thupi pamene achimwene ankabwera kudzakutengani?"

"Ndinatentha ndi mantha nditaona ndevu zija," anatero Shagufta, ndipo onse anaseka.

Tehmina anabwera kudzayesa diresi. Nighat anamuzunguliza tepi m'chiuno, n'kuiyang'ana, n'kumuzungulizanso.

"Aka n'kachitatu ndikulichepetsa diresili. Nsalu imene ndadulapo ingaveke mkwatibwi wina wathunthu. Ukudya chiyani, mwana iwe? Undipatseko, amalume ako ayambenso kundiyang'ana."

Tehmina anamwetulira, maso ali kwa mayi ake. Shagufta anatembenuka n'kubwerera ku tiyi wake.

Tehmina anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mphunzitsi pasukulu ya atsikana, mwana mmodzi yekha wa Shagufta ndi Altaf. Anabadwa wonenepa ndipo anakula wonenepa. Mabanja atatu anali atabwera kudzamuona pofunira ana awo mkazi. Onse anamwa tiyi, anadya zokazinga, anayamikira makatani, ndipo sanabwerenso. Banja lachinayi linavomera. Koma tsiku lomwelo, potsanzika, mayi Kausar, make wa mnyamatayo, anakokera Shagufta pambali.

"Mwanayu ndi wakhalidwe, achemwali, ndamukonda. Kungoti wangayu ndi wowonda ngati nzimbe. Pachithunzi anthu adzati wakwatira azakhali ake. Miyezi itatu ndi yambiri, munthu akafuna."

Tehmina anafunadi. Anasiya batala, anasiya shuga, chapati ankadya mmodzi. Madzulo alionse ankazungulira padenga lathyathyathya la nyumba mpaka mapazi kutupa. Mwezi unatha, thupi lili pomwepo. Ndiye tsiku lina Shagufta anapita kusaluni ya Zarqa, kuseri kwa msika wa nsalu, kumene amayi ankanong'onezana kuti kuli thandizo. Zarqa anatulutsa kabotolo kopanda dzina, muli makapisozi achikasu.

"Ochokera kunja awa, zitsamba zokhazokha," anatero. "Akayamba kutuluka thukuta musadandaule. Ndi mafutawo akusungunuka."

Shagufta anabisa kabotoloko m'chitini cha mpunga. Anauza Tehmina kuti bambo ake asadziwe, chifukwa Altaf ankati mwana wake ndi wokongola momwe alili, wosamufuna apite akakwatire mtengo wa magetsi.

Ndipo mafuta anasungunukadi. Tehmina ankadya bwino, nthawi zina kuposa kale, koma zovala zinayamba kumukhwepa. Aneba ankamuyamikira panjira. Shagufta yekha ndi amene ankachapa zofunda, ndipo ankaona kuti pilo wa mwana wake akusanduka wachikasu ngati wathiridwa ufa wa kale wokometsera ndiwo. Ankangowonjezera sopo.

Nighat atapita tsiku limenelo, Tehmina analowa m'khitchini n'kukhala pansi, msana atatsamira khoma lozizira. Ankapuma mofulumira ngati wathamanga.

"Amayi, ndisiye kumwa aja."

"Chifukwa?"

"Lachisanu lapitali m'kalasi ndinalephera kumaliza chiganizo. Mpweya unandithera. Ana anavala majuzi awiriawiri, ine thukuta likudontha pabuku. Mtima ukugunda ngati ukufuna kutuluka."

Shagufta anamugwira pamphumi. Panali potentha, ponyowa. Mtima wake unamuuza kanthu, koma anauletsa.

"Walira mvula walira matope, mwanawe. Atsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri basi. Lachinayi apongozi ako akubwera kudzaona diresi. Ukufuna adzapeze chonena? Ukwati ukangotha tikataya botolo lonse mu ngalande."

"Ndikuopa, Amayi."

"Ukuopa thukuta? Ine ndikuopa kudzafa ndikukusiya m'nyumba muno wekha, anthu akukuloza chala. Pirira."

Zarqa anali atanena kuti masiku omaliza n'kofunika kuwonjezera. M'mawa mwake Shagufta anaika makapisozi awiri pasosala m'malo mwa limodzi. Tehmina anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwa.

Lachinayi masana mayi Kausar anafika atanyamula bokosi la maswiti. Tehmina atatulukira, mayiyo anaomba m'manja.

"Kodi ndi yemwe uja? Achemwali, mwamuchita chiyani mwanayu? Taonani khosi! Taonani masaya kufiira!"

Shagufta anamva kukoma mumtima kumene anali asanamve kwa zaka zambiri. Anatuma Tehmina kuti akatenge tiyi. Anamva makapu akugundana pathireyi pamene mwanayo ankabwera, kenako phokoso la zinthu kusweka. Tehmina anali atagwa chagada pakhomo, tiyi atamwazika pansi ponse. Shagufta atamunyamula mutu, anamva ngati wagwira chiwaya chochoka pamoto.

"Njala iyi," anatero mayi Kausar. "Mumwetseni madzi a shuga."

Koma Tehmina ankalankhula zosamveka, akung'amba malaya pachifuwa. Aneba anaitana riksho, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu. Wina anaimbira foni Altaf ku fakitale ya shuga kumene ankagwira ntchito.

Kuchipatala anamwino anamuyeza kutentha, n'kuyang'anana, n'kuyezanso ndi choyezera china. Anamuvula, kumufunditsa nsalu zonyowa, kuyatsa fani, kumuika madzi m'mitsempha. Dokotala wake anali mayi wamfupi wa imvi zochepa, dzina lake Sarwat. Altaf atafika, ali ndi zovala za kuntchito, dokotalayo sanamupatse mpata wofunsa.

"Bambo, madzi oundana amene tili nawo ndi ochepa. Pitani mukapeze ambiri, kulikonse kumene mungawapeze. Thamangani."

Altaf anathamanga. Dokotala anakokera Shagufta m'kachipinda n'kutseka chitseko.

"Mayi, mwanayu wamwa chiyani?"

"Palibe, adokotala. Mwina ndi malungo. Kapena diso la anthu, poti ukwati wayandikira..."

Dokotala anatsegula dzanja. Munali thonje limene anapukutira Tehmina m'khwapa. Linali lachikasu.

"Malungo satulutsa thukuta lotere. Ine sindine wapolisi. Ndiuzeni msanga."

Shagufta anaulula zonse. Kabotolo kanali m'chikwama chake, chifukwa pothamanga paja dzanja lake linakatenga lokha m'chitini cha mpunga. Dokotala anatsegula kapisozi limodzi, n'kuona ufa wachikasu, n'kupumira m'mwamba.

"Si zitsamba izi. Ndi mankhwala a m'mafakitale. Aka n'kachitatu ndikuona zotere."

"Ndiye mukudziwa mankhwala ake. Mubayeni jakisoni wotsitsa kutentha, adokotala. Chilichonse chimene chikufunika, bambo ake apeza."

"Khalani pansi, mayi. Ndikufuna mumvetse, kuti musamaganize kuti tikukumanani kanthu."

Shagufta anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timati maselo. M'selo iliyonse muli timbaula tambirimbiri. Chakudya chimene timadya chimakapsa m'timbaula timeneti pamodzi ndi mpweya umene timapuma. Munaonapo chigayo cha madzi?"

"Kwathu kumudzi chinalipo, pangalande."

"Ndi momwemo. Chakudya chikamapsa, mphamvu yake imatunga madzi n'kuwaunjika kuseri kwa khoma. Madziwo ali ndi khomo limodzi lotulukira, ndipo pakhomopo pali gudumu. Akamadutsa amazunguza gudumulo, ndiye pamatuluka mphamvu imene mtima umagundira, miyendo imayendera. Pantchito yonseyi pamatuluka kutentha, ndiponso madzi pang'ono amadontha pakhoma osazunguza gudumu, n'kusanduka kutentha kokhakokha. N'chifukwa chake inu ndi ine ndi njati ndi nkhuku timakhala ofunda ngakhale kunja kuzizire, pamene buluzi amadikira dzuwa. Khanda limabadwa ndi mafuta apadera pamsana pakati pa mapewa, amene amatsegula kakhomo kam'mbali dala kuti lifunde. Koma thupi limadziwa potsegula ndi potseka."

"Nanga mwana wanga?"

"Ufa uwu umaboola khoma lija paliponse, m'selo iliyonse ya thupi lake. Madzi akungotayika, gudumu silikuzungulira. Thupi likuona kuti mphamvu palibe, ndiye likusonkhezera moto, likuwotcha chakudya, likuwotcha mafuta. N'chifukwa chake anaonda. Koma zonse zikusanduka kutentha. Panado amatsitsa kutentha kwa malungo chifukwa kumeneko kumalamulidwa ndi ubongo. Uku sikukumvera ubongo."

"Ndiye mutseke mabowowo."

"Palibe mankhwala otsekera, mayi. Kuno kulibe, ku Lahore kulibe, kunja konse kulibe. Chimene tingathe ndi kumuziziritsa kunja, n'kudikira kuti thupi lichotse poizoniyu lokha. Koma amachoka pang'onopang'ono, masiku. Ndipo wa dzulo wakumana ndi wa dzana, wa dzana wakumana ndi wa sabata yatha."

Shagufta anayang'ana manja ake.

"Anandipempha kuti asiye," anatero motsitsa mawu. "Lolemba. Akanasiya Lolemba...?"

Dokotala anaika kabotolo m'thumba la chovala chake choyera n'kutsegula chitseko.

Altaf anabwera patapita ola. Malo opangira madzi oundana anali otseka, poti ndani amagula madzi oundana mu Januwale? Anakawapeza kumsika wa nsomba. Analowa atasenza chibuma chachikulu paphewa, chokulungidwa m'saka, malaya onse atanyowa, milomo ikunjenjemera ndi chisanu. Anamwino anachiphwanya n'kuzunguliza mwanayo m'khosi, m'khwapa, m'mbali monse. Chipinda chonse chinanunkha nsomba. Madziwo ankasungunuka maso akuona, n'kumayenderera pansi pa bedi.

"Ndikatengenso?" anafunsa Altaf.

"Katengeninso," anatero dokotala, ndipo Shagufta anazindikira kuti akungomupatsa chochita.

Altaf atatuluka, Tehmina anatsegula maso. Kwa kanthawi nzeru zinabwerera. Anafunafuna dzanja la mayi ake.

"Amayi."

"Ndili pano, mwanawe."

"Musawauze Bambo kuti munagula ndinu. Sangakukhululukireni. Mudzanene kuti ndinagula ndekha."

"Khala chete. Uchira, ukawauza wekha zimene ukufuna."

"Diresi lija... mukawauze azakhali asalichepetsenso."

Sanalankhulenso zomveka. Anamwalira dzuwa lisanalowe, kuitana kwa pemphero la madzulo kusanamveke. Altaf anafika ndi chibuma chachiwiri n'kupeza anamwino akuzimitsa fani. Anaima pakhomo atachisenzabe, madzi akudontha, mpaka mlonda anabwera kudzamutula.

Amayi amene anasambitsa mtembo ananong'onezana kuti thupi linali lofundabe, ngakhale linali litauma gwa. Dokotala anauza Altaf kuti mwana wake wafa ndi mankhwala ochepetsa thupi, ndipo analemba lipoti lopita kwa akuluakulu. Za amene anagula sananene.

Nkhani inafala pamaliro pomwepo. Shagufta ankaimva ikudutsa kumbuyo kwake, pakati pa amayi okhala pamkeka.

"Mphunzitsi wathunthu, kumwa zinthu zosadziwika."

"Atsikana a masiku ano, kufuna kufanana ndi a pa TV."

"Chikomekome cha mkuyu, anzanga."

Mayi Kausar anabwera tsiku lachiwiri, analira mokweza, n'kunena kuti iwo anamukonda mwanayo momwe analili, sakudziwa chimene chinamulowa m'mutu. Shagufta anawayang'ana pakamwa.

Choopsa chinali Altaf. Sankalira. Ankakhala pabwalo, alendo atapita, n'kumalankhula yekha.

"Ndinamuphunzitsa mpaka ku koleji. Ndinamuuza kangati kuti ndi wokongola? Kubisira ine, bambo ake! Kubisira ngakhale inu, mayi ake, amene munkagona naye nyumba imodzi! Safunsa anadya phula. Wandichititsa manyazi mwana ameneyu, mayi a Tehmina. Kumanda kwake sindipitako. Ndikapita ndikamutukwana."

Ndipo sanapitedi. Sabata inatha, ina inatha.

Tsiku limene ukwati ukanachitika, Shagufta anafunda chofunda chake m'mawa n'kupita kuseri kwa msika wa nsalu. Inali nyengo ya maukwati, saluni inali yodzaza. Atsikana anali pamipando, manja atatambasula kuti zojambula zokongoletsa zimene anawapaka ziume, amayi awo ali pabenchi. Wailesi inkaimba. Zarqa atamuona, lumo linaima m'dzanja, kenako anamwetulira.

"Achemwali, ndinamva za zovuta zija. Mulungu akulimbitseni mtima."

Shagufta sanayang'ane Zarqa. Anayang'ana amayi a pabenchi.

"Mwana wanga wafa ndi makapisozi achikasu a mayi uyu. Anapsa m'kati, ine ndikuona. Adokotala akuti alibe mankhwala. Ngati wina ali nawo kunyumba, akataye lero."

Mawu ake anatuluka aang'ono, osamveka bwino pa phokoso la wailesi. Zarqa anapukusa mutu mwachifundo.

"Ine ndimakonza tsitsi ndi nsidze, amayi inu mukundidziwa. Makapisozi ndingawatenge kuti? Chisoni chimasokoneza mutu, musawaseke. Achemwali, khalani pansi, ndikuitanitsireni tiyi."

Mtsikana wina anauzira mpweya pazala zake. Shagufta anatuluka.

Asanafike pamsewu waukulu anamva mapazi kumbuyo. Anali mmodzi wa amayi a pabenchi aja, wa nkhope yotopa, wa msinkhu wake womwe. Anamugwira pamkono.

"Pepani kwambiri, achemwali. Ndakumvani. Ndimafuna ndingofunsa. Wanuyo ankamwa angati patsiku?"

"Musamupatse ngakhale limodzi."

"Ayi, ndamva. Koma angati?"

"Poyamba limodzi. Kenako awiri."

Nkhope ya mayiyo inamasuka.

"Ndiye pamenepo. Anawonjeza. Wanga akumwa limodzi basi."

"Mayi, ndikukupemphani m'dzina la Mulungu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kodi wayamba thukuta?"

"Pang'ono chabe. Ali ndi zaka makumi atatu, achemwali. Mabanja asanu abwera n'kubwerera. Inu mukudziwa." Anamusisita pamkono, n'kubwerera kusaluni kuja.

Shagufta anaima pamenepo, njinga zamoto zikumudutsa m'chifunga. Kenako anapita kwawo.

Masana Altaf anabwera kudzadya asanalowe ntchito. Shagufta anamuikira chapati ndi mphodza, n'kukhala moyang'anana naye. Anadikira kuti anyeme kamodzi.

"Bambo a Tehmina, mwana uja sanagule yekha mankhwala aja. Ndinagula ndine."

Dzanja la Altaf linaima.

"Ndinamuuza kuti akubisireni. Kutatsala masiku atatu kuti afe anandipempha kuti asiye, anati akuopa. Ndinamukaniza. Ndinawonjezera ndi dzanja langali. Kuchipatala kuja anandiuza kuti ndisakuuzeni, kuti ndinene kuti anagula yekha. Ndamumvera masabata awiri. Sindingathenso kumva mukumutukwana."

Altaf anayang'ana mbale nthawi yaitali. Shagufta ankadikira kumenyedwa khofi, kapena mawu oti longedza uzipita kwa abale ako. Akanalandira chilichonse. Koma mwamunayo anabweza chapati m'dengu, n'kusamba m'manja pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Anati akuopa?"

"Inde."

"Ine ndinali m'nyumba momwemo, osadziwa."

Anavala nsapato n'kutuluka. Tsiku limenelo kuntchito sanapite. Nighat, pochokera kumsika, anamuona kumanda atagwada m'matope, chipumi chili pa mulu wa dothi, akulankhula. Anamva mawu amodzi okha obwerezabwereza, akuti pepa, pepa mwanangu.

Altaf sanamuthamangitse Shagufta, ndipo sanauze munthu. Anangosamutsira bedi lake m'chipinda cha alendo, n'kuyamba kudya ku fakitale. Akafuna kunena kanthu ankauza Nighat, Nighat n'kudzanena. Apolisi sanabwere. Saluni ya Zarqa inatseka masiku anayi, n'kutsegulanso itapakidwa penti watsopano.

Shagufta anapitirizabe kuphikira anthu awiri. Masana alionse ankavundikira mbale ya mwamuna wake n'kuisiya pathebulo, ndipo madzulo ankakapereka chakudyacho kwa opemphetsa a pakhomo la mzikiti.